Chipewa cha Utsi ndi Mbewu ya Nangozo

Mpaka pano ndikamva munthu akudzitama kuti wakonza zinthu pakhomo pake, ndimangoyang'ana pansi. Inenso ndinakonzapo, ndipo zotsatira zake zinandigwera pamutu alendo akuona.

Ndine mmisiri wopenta nyumba, ndimakhala kufupi ndi Nsipe. Nthawi ina ndikugwira ntchito ku Lilongwe, ndinaona khitchini yokhala ndi chitofu pakatikati, pamwamba pake atapachika chinthu chonga chipewa chokoka utsi. Ndinakumbukira mkazi wanga Nangozo, amene maso ake ankakhala ofiira ndi utsi wa nkhuni, ndipo zinandikhudza. Ndinalumbira kuti nayenso aphikira pabwino.

Chitofu cha njerwa ndinamanga ndekha pakati pa khitchini yathu. Chipewa cha magetsi ndinachisiya kusitolo (kwathu kuno magetsi amabwera ngati mlendo), n'kupita kwa wokhoma zidebe pamsika.

"Mukufuna chotani?" anandifunsa. "Chaching'ono chimasiyako utsi pang'ono. Chachikulu cha chumuni yaitali sichisiya kanthu."

"Chachikulucho. Ndisamve ngakhale fungo."

Tsiku lochipachika, Nangozo anaima pakhomo atanyamula mitolo iwiri ya chimanga chomangidwa m'makoko, chakuda bii ndi mwaye. Inali mbewu ya chimanga chamakolo imene malemu mayi ake anamupatsa kwawo ku Mlangeni. Chaka chilichonse ankasankha zisononkho zabwino n'kuzipachika pamwamba pa moto.

"Bambo a Chisomo, nanga mbewu yangayi ndiika pati?"

"Pachikani pamtanda wapakonapo. Denga ndi limodzi lomweli."

Anandiyang'ana kanthawi ngati ayankhula, koma anaona mmene ndinkamwetulira ndi chipewa changacho, ndiye anangopachika. (Ine ndinakulira pamsika, bambo anga anali atelala. Ndinkayesa kuti chimanga amachipachika pamenepo pothawa makoswe basi.)

Chipewa chinagwira ntchito, ndisaname. Maso a Nangozo anayera. Ine ndinasanduka wolondolera alendo: aliyense wobwera pakhomo, kaya wodzabwereka khasu, ankayamba waona khitchini.

Mvula itayandikira, kunabwera azibambo awiri a kutchalitchi. Ndinawalowetsa, ndinatola ndodo, n'kumalozera kudenga.

"Taonani malatawa, mwaye ulipo? Ngakhale chimangachi chikupuma mpweya wabwino!"

Ndinagogoda mtolo umodzi. Kunatsika fumbi loyera ngati ufa, kundithira kumutu, m'maso mpaka m'kolala, anankafumbwe akuyenda pamalaya anga a Lamulungu. Mmodzi wa alendowo anayesetsa kudzigwira kuti asaseke koma analephera. Winayo anangoti, "Pepani abambo, utsi uja ndiwo unkalondera mbewuyi."

Nangozo sanaseke. Anatsitsa mitolo yonse, n'kukhala pansi, n'kumasenda chisononkho chimodzichimodzi. Njere zonse zinali zobooka. Sanandikalipire. Anangonena motsitsa mawu kuti, "Ndi ichi chokha chimene amayi anandisiyira."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Mlangeni, kwa mlamu wanga, mkulu wake wa Nangozo. Ndinafotokoza zonse nditagwira chipewa changa chenicheni m'manja. Anaseka mpaka kutuluka misozi, kenako analowa m'khitchini yake yakuda ija n'kutuluka ndi zisononkho zisanu ndi chimodzi.

"Alamu, izi ndi zomaliza. Mukazipatsanso mpweya wabwino, musadzabwerenso kuno."

Tinadzala kamunda kakang'ono kuseri kwa nyumba, ndipo kanabereka. Titakolola, ndinaitana wokhoma zidebe uja kuti aike timbedza mkati mwa chipewa, m'mwamba mmene utsi umadutsa. Mbewu imalendewera mmenemo tsopano, yakuda ngati kale.

Zaka zonsezi ndinkaona utsi ukumuliza mkazi wanga, koma sindinamufunsepo n'kamodzi komwe chimene ankaupiririra. Alendo ndimawaonetsabe khitchini, khalidwe silitha msanga. Koma ndodo ija Nangozo anaisonkhezera pamoto, ndipo sindinafunse chifukwa chake.