Makompyuta Aulere a pa Katowo

Mukadzafika pa Katowo n'kumva wina akukuwa kuti "Aulere!", musatembenuke. Akuitana ine.

Zinayamba ndi a NyaGondwe, mwana wa konkuno amene amalemba mapulogalamu a pakompyuta. Anaimba foni kusukulu kwathu kuti akubwera kudzadzutsa makompyuta athu akale, ndipo penapake anatchula mawu achizungu akuti "free". Ine (mphunzitsi wa Chingelezi, chonde musaiwale) sindinafunsenso. Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi: "Lachitatu kukubwera mayi wodzagawa makompyuta aulere!"

Lachitatulo bwalo la sukulu linadzaza ndi njinga, malegeni omangira katundu ali lendelende. A Mhango, mlimi wa fodya, anabwera ndi ngolo.

A NyaGondwe anatsika pikapu ndi kachikwama kamodzi basi. Anthu anayang'ana kachikwamako, kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, katundu ali kuti?" anafunsa a Mhango. "Kapena mwagawana kale?"

Ine ndine wobwera, wa ku Ntcheu. Dzina la wakuba likakumata kuno, ndiye kulongedza. Ndinawanong'oneza mayiwo zonse, ndikudikira kukalipiridwa. Iwo anaseka mpaka misozi, n'kukwera pakhonde.

"A Mhango, mbewu ya chimanga cha makolo mumagula chaka chilichonse?"

"Ayi, timasunga."

"Mnzanu akapempha?"

"Timamugawira."

"Ndabweretsa zoterozo. Nkhani si ulere, ndi ufulu. Pulogalamu iyi mutha kuitsegula, kuikonza, kuigawa, palibe wokuletsani."

Anatulutsa kafulashi n'kukalowetsa m'kompyuta imene ineyo ndinalengeza kalekale kuti inafa. Inayaka! Zala zawo zimathamanga moti maso anga amatsalira.

"Kutsegula mumati chiyani m'Chitumbuka?" anafunsa.

"Jula!" anakuwa a Mhango.

A NyaGondwe analemba, ndipo pagalasi panatuluka "Jula". Abale inu! Makina kulankhula Chitumbuka, ine ndikuona ndi maso angawa! Azimayi anaimba nthungululu. Mpaka dzuwa kupendeka anthu anali kulimbirana mawu oti alowe, za katundu ataiwala.

Pochoka a Mhango anandigwira dzanja. "Yewo chomene, aphunzitsi. Koma ng'ombe zanga ndizo zayenda ulere."

Dzina la wakuba linandiphonya, la Aulere ndilo linakakamira.

Mwezi watha a NyaGondwe anaimbanso, akuti akubweretsa ma "mouse" khumi. Poti ndine wa ku Ntcheu, kwathu kodya mbewa, malovu anadzaza m'kamwa. Koma ulendo uno ndinayamba ndafunsa.