Tsiku limene ndinayeza madzi n'kuiwala matope

Ndiyambe ndi kunena kuti pepala langa silinalakwe. Ndili nalo mpaka lero mu fayilo yobiriwira, wofuna kuliona abwere. Unalakwa ndi msewu. (Akazi anga amati ndinalakwa ndine, koma iwowo sasunga ngakhale lisiti la sopo.)

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinaganiza zogula galimoto. Sindinathamange ayi. Ndinatenga pepala lalikulu n'kuligawa patatu. Koyamba kagalimoto kakang'ono kotalikirako pang'ono kuchoka pansi, kosamwa mafuta. Kenako chigalimoto cha m'matope chija chokoka ndi matayala onse anayi, koma chakumwa ngati chili pa ukwati. Pomaliza pikapu. Miyezi isanu ndinkapita pa Boma kukafunsa amakaniko, chilichonse ndikulemba.

Pikapu ndinaikana msanga. Kwathu kuno ukagula pikapu si yako. Bokosi la maliro, njerwa za tchalitchi, nandolo wa apongozi, zonse zimadziwa khomo lako. A Nampuluma, mkulu wogula nandolo amene pikapu yawo amatseka chitseko ndi chingwe, ndinawauza pamaso kuti imeneyo ndi ngolo yoika injini. Anangoseka. Ndinagula kakang'ono kaja, koyera, mu Okutobala, ndipo ndinakayesa pa msewu wa ku Mkhumba. Kanadutsa bwinobwino. (Kunali fumbi lokhalokha, koma pepala linalibe malo olembapo mwezi.)

Mu Januwale kunali chinkhoswe cha Esinati, mwana wa mlongo wanga, ku Mkhumba komweko. Ine monga malume ake ndinali nkhoswe wamkulu. Thadzi lokapereka kuchimuna linali m'manja mwanga, ndipo popanda ine mwambo sukanayamba. Nkhoswe wa kuchimuna anali a Nampuluma omwewo. M'mawa anaima pakhomo.

“Aphunzitsi, kwagwa mvula yambiri uko. Tiyeni tikwerere limodzi.”

“Pitani,” ndinatero. “Nkhoswe wa kuchikazi sangafike atakhalira matumba a kuchimuna.”

Tinanyamuka ndi akazi anga, thadzi lili kumbuyo. Pa dambo tinapeza madzi atadzaza msewu. Sindinachite mantha. Ndinatsegula fayilo, ndinaona kutalika kwa galimoto kuchoka pansi, ndinatenga rula n'kukayeza madziwo malo atatu. Anali ochepa ndi zala ziwiri zathunthu.

“Bambo, madzi mwayeza,” anatero akazi anga. “Nanga matope?”

“Mayi, buku la galimoto silikunena za matope.”

Ndinalowamo. Pakati penipeni galimoto inakhala pansi ngati munthu wofika pa maliro. Ndinaponda mafuta, inamira. Ndinabweza m'mbuyo, inamirabe. Ndinatuluka ndili mu suti, dothi lamakande lija linagwira nsapato yakumanzere ndipo silinabweze mpaka lero. Nditatsegula chitseko chakumbuyo kuti ndiikemo fayilo, thadzi linali litamasula luzi. Linandidutsa pamapewa n'kukatera m'munda wa mpunga.

Tangoganizani, munthu amene ndinaphunzitsa theka la dera lino ndikukwawa mu mpunga wa eni ake ndikuitana nkhuku! Amayi amene ankapalira kumeneko anaimirira n'kundipatsa moni mwaulemu, “Mwadzuka bwanji aphunzitsi?” Bola akanangoseka.

Thadzi ndinaligwira, foni n'kulira. Anali mlongo wanga.

“Achimwene, muli kuti? Azakhali a mkamwini ayamba kufunsa ngati tasintha maganizo. Esinati akulira m'nyumba, wakana n'kuvala komwe.”

Pamenepo ukali wonse unandithera. Mwanayu bambo ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo ndinamulonjeza kuti tsiku limeneli ndidzaima pamalo pawo. Ndinati, “Auzeni a Nampuluma kuti ndili pa dambo.”

Posakhalitsa pikapu inatulukira, ikutsokomola utsi. A Nampuluma anatsika, anayang'ana galimoto, anayang'ana phazi langa.

“Aphunzitsi, ngolo yafika.”

Anamasula chingwe cha pachitseko chija n'kukokera galimoto yanga kumtunda. Injini yake inakana kulira, choncho tinakwera pikapu. Akazi anga anakhala kutsogolo atagwira chitseko, ine kumbuyo pa matumba, thadzi kukhwapa, fayilo m'malaya.

Esinati atandiona anasiya kulira n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi. Thadzi ndinalipereka kwa a Nampuluma pamaso pa anthu onse, nditavala patapata wa mlongo wanga, ndipo nthungululu zinamveka monga mwa masiku onse.

Galimoto ndikadali nayo. Mvula ikayamba imapuma pansi pa mtengo wa mango, ine n'kupita kukagogoda kwa a Nampuluma ngati anthu ena onse. Papepala paja ndinawonjezera mzere wa matope. Koma madzi aja, ndikubwereza, ndinayeza bwino.