Mameseji a phala pa foni ya aNgoma

Mpaka lero, ndikakwera minibasi yodutsa pa Madzimoyo, ndimaweramitsa mutu ngati ndikusaka kanthu m'chikwama. Palibe amene anandimenya kumeneko, palibe ngakhale wonditukwana. Bola akanatero, mwina mtima ukanapepukako.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya Mayi Mwale, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene ali ndi sukulu za mkaka zitatu: imodzi m'tauni ku Nabvutika, ziwiri kumidzi, ku Madzimoyo ndi ku Chipangali. Anandilemba chifukwa cha satifiketi yanga ya kompyuta (ya miyezi itatu, koma ndinkaitchula ngati digiri). Sukulu zonsezi zimagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi. Aphunzitsi amalembamo pa foni zimene mwana wachita tsikulo: wadya, wagona, walira, wadzinyowetsa. Pulogalamuyo imatha kutumiza zolembazo kwa makolo ngati meseji, koma sukulu iliyonse ili ndi batani lake loyatsira, ndipo mabatani onse atatu anali ozima. Mlonda wa mabataniwo ndinali ine.

Tsiku lina mu Febuluwale, mvula ili pakati, Mayi Mwale anaima pakhomo la ofesi.

"Mwana wanga, makolo a ku Nabvutika akufuna azidziwa ngati ana awo akudya. Uwayatsire mameseji aja. Kwinako usiye kaye."

"Musavutike, Madamu, ndi kantchito ka mphindi ziwiri."

Nditatsegula, ndinaona kabokosi kofunsa ngati ndikufuna kuyatsa sukulu imodzi kapena zonse. Pano ndiulule: chala sichinaterereke ayi. Ndinaganiza ndithu. Ndinati chitukuko chizithera m'tauni mokha? Makolo akumudzi alibe ufulu? Ndinati Madamu akungoopa zinthu zatsopano, monga amachitira anthu a msinkhu wawo, ndipo adzandithokoza okha. Ndinadina zonse. Pulogalamu inandifunsanso ngati itumize ndi zolemba za masabata apitawo. (Taonani, makina anandipatsa mpata wachiwiri woti ndikhale ndi nzeru.) Ndinavomera, kenaka ndinatuluka kukagula zitumbuwa zodzithokozera.

Panali zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa. Choyamba, Anti Misozi, mphunzitsi wa ku Madzimoyo, podziwa kuti zolemba zake zimawerengedwa ndi Madamu okha, ankalemba chilungamo chonse osabisa. Chachiwiri, makolo ambiri kumeneko alibe foni. Polembetsa ana, anapereka nambala ya aNgoma, mwini kantemba ka pafupi ndi sukulu, amene amatchajira anthu mafoni pa sola. Nambala imeneyo ndinkaiona ikubwerezabwereza m'kompyuta pa ana oposa khumi, koma ndinkangoti ndi ulesi wa aphunzitsi polemba.

Tsono aNgoma ndi munthu wokhulupirika. Uthenga wa wina ukafika pa foni yawo, amauwerenga mokweza kuti aliyense amene alipo akafikitse kwa mwini wake. Ndi mmene zimayendera kumeneko: za maliro, za feteleza, za mwana amene ali ku Lusaka, zonse zimadzera pakamwa pa aNgoma. Masana amenewo kunagwa mvula yamphamvu, ndipo anthu ochokera kumunda anadzaza pakhonde la kantemba kuusa mvulayo. Foni inayamba kulira osalekeza. ANgoma anavala magalasi n'kuyamba ntchito yawo.

Poyamba akuti kunali phwete. "Mabvuto waluma mnzake khutu." "Yosefe wadzinyowetsa, akuti ndi denga likudontha." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka anafika pa mwana wina wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Taonga.

"Taonga wabwera osadya, akuti kwawo dzulo anagonera madzi. Ndamupatsa phala kawiri." Uthenga wotsatira unali womwewo. Winanso womwewo. "Ndamuikira phala lina m'kabotolo akapatse mng'ono wake. Makolo asadziwe kuti ndaona."

ANgoma anazindikira mochedwa zimene pakamwa pawo pankanena. Bambo ake a Taonga, aSakala, anali pakhonde pomwepo, khasu lili pambali. Anatola khasu lawo n'kulowa mumvula.

Zonsezi ndinazimva kwa Anti Misozi, amene anandiimbira ndili pa chitumbuwa chachitatu.

"Asisi, mwatani kumeneko?"

"Ndakubweretserani chitukuko," ndinayankha monyadira.

"Zimitsani! Zimitsani, chonde, mwandivula pagulu!"

Ndinazimitsa, koma madzi akatayika saoleka. (Ku Chipangali anapulumuka chifukwa mphunzitsi wakumeneko ndi waulesi weniweni, mwezi wonse anangolemba kuti "wadya, wagona".)

Mawa lake Taonga sanabwere kusukulu. Mkuja wakenso ayi. Apa m'pamene mantha enieni anandigwira, pakuti phala la Anti Misozi ndilo linkamufikitsa mwanayo madzulo, ndipo chimanga m'munda chinali chisanakhwime.

Mayi Mwale sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

"Ndinati kwinako usiye. Unandifunsa chifukwa chake?"

"Ayi, Madamu."

"Safunsa anadya phula. Loweruka upite ukapepese wekha, ukabwere naye mwanayo."

Mukanakhala inu mukanapita ndi mawu okha. Ine, katswiri, ndinaona kuti kupepesa chimanjamanja n'kupanda ulemu, choncho ndinagula kathumba ka ufa. Anti Misozi atandiona ndikutsika nako minibasi anagwira pakamwa.

"Asisi, kameneko musiye kusukulu."

"Ayi, Anti, ndi kamphatso chabe."

Ndinakasenza pamutu, kudutsa nako pakati pa mudzi, dzuwa likuswa mtengo, maso onse ali pa ine.

ASakala anatilandira mwaulemu wochititsa manyazi. Anatipatsa timipando, iwo n'kukhala pa njerwa, natifunsa za ulendo ndi za mvula ya m'tauni. Ine ndinagwada.

"Pepani, bambo. Anti Misozi alibe mlandu. Ndine ndinadina batani lija."

"Palibe kanthu, mayi. Makina ndi makina." Kenaka anayang'ana kathumba kaja. "Nanga ako?"

"Ndi kaufa pang'ono, ka ana."

"Mwadutsa nako pa kantemba?"

"Inde, bambo."

"Ndiye basi, nkhani yakwanira. Amene sanamve tsiku lija aona ndi maso lero. Ine ndimalima, mayi. Chaka chino chatipanikiza tonse, si ine ndekha. Koma wowerengedwa pakhonde ndine ndekha. Bwererani nako."

Anti Misozi anawachonderera kuti Taonga abwerere kusukulu. ASakala anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, inu munachita zachifundo, Mulungu akuonani. Koma mwana wanga sangapite kumene za m'nkhokwe mwanga zimalembedwa."

Nthawi yonseyo Taonga ankasuzumira pachitseko. Anamwetulira mphunzitsi wake, ndipo amayi ake anamukokera m'kati. Ufa uja ndinabwerera nawo, kudutsanso pa kantemba pomwe paja.

Ntchito sinandithere. Masiku ano sindidina kanthu ndisanafunse kuti nambalayi ndi ya yani, ndipo foniyo imalirira pakhonde la yani. Ndi phunziro labwino, koma wolilipira sindinali ine, ndipo zimenezo zimandiwawa. Lachisanu lililonse pulogalamu imandiuza kuti pali mwana amene wajomba nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuchotsa dzina lake. Chimanga chinakhwima, anthu anakolola, mvula ina yayambanso. Ine ndimadinabe kuti ayi.