Malaya Oyera a Atiyi

Pa mzere wathu wa nyumba zalendi panalibe amene ankachapa asanamve mawu a Atiyi. Bambowa kale ankaperekera zakudya mu hotela, ndipo anatuluka kumeneko ndi mtima wodana ndi banga kuposa njoka. Kukacha ankatsegula mpopi, kutunga madzi m'tambula, n'kuikweza kudzuwa ngati adokotala akuyang'ana chithunzi cha m'chifuwa. Akatero ankalengeza.

"Lero tiyi wopanda mkaka. Chapani zakuda zokha."

Mapaipi athu anadyedwa ndi dzimbiri kalekale, choncho madzi ankasintha mtundu ngati birimankhwe, ndipo mtundu uliwonse iwo anaupatsa dzina. Otuwa pang'ono anali tiyi wa mlendo wosafunika. Oipitsitsa anali khofi.

Telala wina atangosamukira pamzerepo anamva kuti, "Lero tiyi wamkaka, nyumba zonse!" Posakhalitsa anali pakhomo pawo, kapu m'manja.

"Odi, ndamva kuitana."

"Bwererani, achimwene," anatero Atiyi. "Takutumizirani kale m'paipi."

Akazi awo, mayi osalankhulalankhula, ankadziwa kuti nkhondo yonseyi inali ya malaya amodzi. Anali oyera mbee, osungidwa m'pepala kuti adzavalidwe pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndipo mayiwa sankaloledwa ngakhale kuwanunkhiza. Iwo ankangoona masokosi akutha m'nyumba, chifukwa bambo ankawamanga kukamwa kwa mpopi kuti azisefa madzi.

"Atate a mwana, kutchalitchi mupita ndi sokosi imodzi?"

"Mulungu amaona mtima, mayi. Dzimbiri ndiye limaona malaya."

Ukwati utayandikira, Atiyi anafunyulula pepala lija n'kupeza kuti kolala yachita chikasu. Anatunga madzi m'ndowa, nawasiya kuti adikhe, akuwalondera ngati mkaka uli pamoto. M'mawa mwake madzi anali mbee. Anathiramo mankhwala oyeretsera zovala, osati kachivindikiro kamodzi koma theka la botolo, n'kuviika malaya. Mayi anatsegula pakamwa.

"Musandiphunzitse," anatero bambo osatembenuka. "Ndachapa nsalu zodyerapo anthu akuluakulu ine."

Mayi anatseka pakamwa.

Dzimbiri lomwe linabisala m'madzi linadzuka lonse litamva mankhwala. Malaya anatuluka ngati mkati mwa papaya.

"Mwawaphika bwino," anatero mayi. "Atsala mchere."

Ku ukwati Atiyi anavala malayawo ndi jekete lomanga mpaka pakhosi, dzuwa likuswa mtengo. Thukuta litawakwana anavula jekete. Asewere awo anayamikira mtunduwo, nafunsa sitolo yake.

"Ndi oitanitsa," anayankha Atiyi. "Amabwera m'paipi."

Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, iwonso anaseka. Koma atafika kunyumba anakulunganso malaya aja m'pepala, ndipo mayi anaona kuti sanawatchulenso.

Atiyi anatisiya nyengo yozizira yathayi, atangodwala pang'ono. Abale akukambirana zoti awaveke, mayi anatuluka mwakachetechete ndi malaya aja. Anawafinyira mandimu, kuwaza mchere, n'kuwayala padenga la bafa kuti dzuwa ligwire ntchito yake. Anabwereza mpaka mandimu a pamzere onse anatha, kenako anatsukuluza ndi madzi okatunga kutali. Malaya anayera mbee.

"Mumadziwa zimenezi zaka zonsezi, mayi?" anafunsa mwana wawo.

"Sanandifunsepo."

Mayi anawaveka okha amuna awo malayawo, namanga batani la pakhosi monga ankafunira mwini wake.

Madzi sanasinthe. Masiku ano m'mawa amayi amatsegula mipopi n'kumasuzumirana pamawindo, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe kuchapa. Telala akuti nsalu yoyera inasiya kuyenda pamzere pano. Ukayang'ana pazingwe zoyanikira umangoona zakuda ndi zabuluu, ngati tonse tidakali pamaliro.