Chitini cha Bambo Gondoloza

M'mudzi wina wa m'chigwa, womwe dzina lake silili pa mapu chifukwa komiti yoona za kalembedwe kake idakakambiranabe, munali Bambo Gondoloza, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yaikulu ya Umoyo, Ukhondo ndi Mbiri Yabwino. Ukatswiri wawo wa zachipatala anautenga pa msonkhano wa tsiku limodzi kuboma, kumene anawodzera masana onse n'kubwerako ndi tisheti.

Nzeru yawo yotchuka inali Chitini. Kuchipatala ankapereka mapiritsi a malungo oti munthu amwe masiku atatu, koma Wapampando anaona kuti limeneli ndi dyera lenileni. Munthu wapeza bwino tsiku lachiwiri, n'kumamezabe yekhayekha ngati alibe anansi? Analamula kuti thupi likangozizira, mapiritsi otsala aziponyedwa m'chitini cha mkaka chomwe chinkakhala pa kabati yawo. Wina akadwala ankamutapira awiri, ngati akumugawira mchere.

Amene ankaponyamo kwambiri anali akazi awo, Nasibeko. Chaka chimenecho malungo anawagwetsa katatu, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera msanga kuposa poyamba. Mayiwo anaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri.

"Abambo, bwanji ulendo uno ndimalize onse?" anapempha Nasibeko.

"Mkazi wa Wapampando kumaliza mankhwala? Anthu atiwona bwanji?"

Kenako kunabwera Mayi Chapola, katswiri wofufuza tizilombo ta malungo. Anabaya anthu pachala, n'kupita ndi timadontho ta magazi. Patatha miyezi anabweranso, naitanitsa mudzi wonse pabwalo la sukulu.

"Kachilombo kalikonse kali ndi chibadwa chomwe kamasiyira ana ake," anafotokoza mayiwo. "Ife tawerenga chibadwacho, ndipo cha kuno chasintha. Mankhwala osamaliza amapha tizilombo tofooka, tolimba n'kutsala, n'kuswana. Pa midzi makumi anayi yomwe tayeza, tizilombo tosamva mankhwala kwambiri tapezeka m'mudzi muno."

Bambo Gondoloza anadzuka pang'onopang'ono, akukonza kolala.

"Ndiye kuti ndife nambala wani?"

"Pa vuto, inde."

"Nambala wani ndi nambala wani, mayi. Ombani m'manja!"

Anthu anaomba, pakuti mudziwo unali usanapambanepo kalikonse, ngakhale mpira wa ana a sitandade thuu. Mayi Chapola anayesa kukweza mawu kuti Chitini chitayidwe, koma nthungululu zinali zitayamba kale. Sabata isanathe panjira panaima chikwangwani choti "Takulandirani kwa Akatswiri." Chitini anachiyalira kansalu kopeta, ndipo Wapampando anawonjezera pa maudindo awo mawu oti Mphunzitsi Wamkulu, poti tizilombo tonseto tinali titaphunzira pa kabati yawo.

Mvula itagwa, Nasibeko anagwanso kachinayi. Wapampando anatapa awiri, koma thupi linkangotentha. Anatseka chitseko n'kuwalola, mobisa, kuti amwe masiku onse atatu. Tsiku lachinayi mayiwo anali akubwebweta, osamuzindikiranso mwamuna wawo. Apa Bambo Gondoloza anachita mantha enieni, ndipo maudindo onse aja sanathandize ngakhale kupopa njinga yopita kuchipatala.

Anamwino atamulowetsa wodwalayo kukamuika diripi, Wapampando anaona Mayi Chapola akudutsa pakhonde. Bambowo anavula chipewa, n'kuchikwinya m'manja.

"Mayi, inu mumatha kuwerenga tizilombo. Chonde, kauzeni kachilomboko kuti awa ndi akazi a Wapampando."

"Kakuwadziwa kale, bambo," anayankha motsitsa Mayi Chapola. "Kanakulira m'thupi mwawo. Magazi amene anakupatsani nambala wani aja anali a Nasibeko."

Theka la mudzi linali pakhondepo, koma palibe anaomba m'manja.