Mwala wa m'Buti

Lolemba, 21 Okutobala

Galimoto ndi yanga tsopano! Amalume maso afooka, msewu sakuuona bwino, ndiye andipatsa makiyi a kagalimoto kawo koyera kamene kanafika ku Nselema kuno ine ndisanayambe sukulu. Mawu awo popereka: "Mphwanga, yendetsa, koma usachotsemo kanthu."

Yabwera pa nthawi yake. Loweruka lino ndili ndi intaviyu ku Balaka, pa kampani yogula nandolo. Akufuna mlangizi woyendera alimi ku Nkaya ndi ku Rivirivi. Zofunika: digiri, laisensi, ndi galimoto yakeyake, imene akufuna kuiona ndi maso tsiku lomwelo. Digiri ndili nayo, yagona m'sutikesi zaka ziwiri. Ntchito iyi ikandiphonya, ndilowa chaka chachitatu ndikugulitsa mayunitsi pakhonde pa amayi.

Zimene ndapeza m'galimoto:
– mwala waukulu ngati dzungu, m'buti
– supuni yokhomeredwa pakati pa galasi ndi chitseko cha dalaivala
– mphira za chubu zokulunga pa batire
– mphaka

Matenda a dziko lino ndi amenewa. Kumangamanga zinthu ndi mphira m'malo mozikonza, kenaka n'kumati ndi nzeru. Ine pamaso pa mabwana sindingafike ndi supuni pachitseko.

Mwala ndaugubuduzira kuseri kwa bafa. Supuni ndabwezera kukhitchini. Mphira ndadula. Mphaka ndathamangitsa, ndipo galasi lakumbuyo, limene amalume amasiya lotsekula kuti azilowera, ndatseka. Wandiyang'ana ngati ndamulanda munda.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Lero ukhondo. Ndowa zisanu za pamjigo.

Choyamba ndaichotsa pachulu. Zaka zonsezi amalume amaiimika pamwamba pa chulu cha kuseri kwa nyumba, mphuno italoza kumunsi, ngati mbuzi yosuzumira m'dimba. Ndaitsitsa, ndaiimika pabwalo, malo osalala, pansi pa mtengo wa mango, kuti odutsa aziiona.

Ndatsuka mpaka kunsi. Pansi pa thanki ndapeza chimbulu cha sopo wochapira chitamatirira, chakuda bii. Chinafikapo bwanji? Ndachipala ndi mpeni.

M'mipando mwatuluka chimanga ndi mtedza zokwana kudzala munda. Sindinathe kutulutsa zonse.

Madzulo ndagula pamsika: nsalu zovekera mipando, chovekera chiwongolero chofiira, kabotolo konunkhiritsa kopachika pagalasi. Galimoto ikuoneka ngati ya munthu wopita kusukulu.

Amayi, akudutsa ndi lichero: "Yawala. Amalume ako wawauza?"

Kuwauza chiyani? Kuti ndasambitsa galimoto?

Lachitatu, 23 Okutobala

Pabwalo ponse pakununkha petulo. Pansi pa galimoto dothi lanyowa. Malita amene ndinathira dzana amwedwa ndi mtengo wa mango.

Sopo uja amatseka kabowo.

Chabwino. Ndi umboni wakuti ndikunena zoona. Thanki yobooka imafuna kukonzedwa, osati kupakidwa sopo ngati kolala ya shati. Ndithira kamene katsala m'chigubu, ndipite kwa Che Amidu, makaniko wa pafupi ndi msika.

Ndatseka chitseko, galasi la dalaivala latsetserekera m'kati mwa chitseko, gwa! Chopukusira chikungozungulira, sichikukweza kanthu.

Supuni ija.

Ndapotokola kiyi. Kli. Kli. Basi.

Chulu chija.

Amalume akhala pampando wawo pakhonde, nkhope italoza kumwamba, akumvetsera. "Sitata yakeyo inapuma pantchito kalekale, mphwanga. Ikafuna imathandizako, koma ndi ulemu chabe."

Andikankha amayi awiri ochokera kumjigo ndi bambo wina wogulitsa makala. Amayi amodzi afunsa ngati ku yunivesite timaphunzira zokankhidwa.

Che Amidu agona pansi pa galimoto, atuluka, andiyang'ana nthawi yaitali. "Sopo wa pano wapita kuti? Ndinamata ndekha ameneyo." Ndawauza kuti ndikufuna guluu weniweni womatira chitsulo. Akuti alipo, koma amafuna thanki youma ndi tsiku lathunthu. Sopo amafuna malovu basi.

Guluu, ndatero. Tikhale anthu amakono.

Lachinayi, 24 Okutobala

Thanki yatsala kwa Che Amidu, ikuuma. Galimoto tinaikankhira kunyumba dzulo, yagona pabwalo. Pawindo ndamata pepala la pulasitiki.

M'mawa ndatsekula chitseko, makoswe awiri adumpha. Onenepa, osachita ngakhale manyazi. Adya:
– nsalu yatsopano ya mpando wakutsogolo, pakati penipeni
– mawaya atatu kunsi kwa chiwongolero
– ngodya ya fayilo yanga ya masatifiketi, imene ndinaika m'galimoto kuti ndisadzaiwale Loweruka

Kabotolo konunkhiritsa sanakakhudze.

Hutala sikulira. Magetsi okhotera akuyaka mbali imodzi yokha.

Mphaka ali pamwamba pa nkhokwe, akunyambita dzanja, akuonerera. Ndamuitana. Watembenuka, wandilozetsa mchira.

Amayi: "Mlonda unamuchotsa ntchito wekha. Ukufuna agwire ulere?"

Masana ndakhala pansi kukonzekera mafunso. Ndalemba mfundo zisanu ndi imodzi za mmene ndingasinthire ulimi wa nandolo m'boma lonse la Balaka pa zaka zitatu. Mfundo zake ndi zakupsa. Zimenezi makoswe sangadye.

Masiku atsala awiri.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndadzuka molawirira kuti zonse zithe lero. Okankha lero ndi atatu, ayamba kundipatsa moni wa pa dzina.

Thanki yabwerera m'malo mwake, sikudontha. Guluu wapambana! Ndalemba apa kuti mbiri isaiwale.

Mawaya Che Amidu alumikiza awiri. Ali pa wachitatu, mwazini waitana, aika pulayazi pansi, asamba m'manja, apita kumzikiti ku mapemphero a Juma. Ndinaiwala kuti lero ndi Lachisanu. Maola awiri ndakhala pa tayala lakutha, ndikuyang'ana wotchi. Dziko lino lidzasintha liti?

Atabwerako amaliza waya, hutala yalira. Sitata akuti yatsopano mpaka aitanitse ku Limbe, sabata yamawa. Pa batire ndagula chomangira chatsopano chonyezimira. Iwo apukusa mutu: "Mutu wa batire ili unadyeka, achimwene. Chomangira chanucho chigwira pa phula. Pa mabampu chivuka. Bwezeranipo mphira." Ndakana.

Galasi alikoka ndi waya, alikweza, afunsa: "Supuni ili kuti?" Ndati tiikepo kamtengo kosema bwino. Aseka mpaka kutsokomola, koma asema.

Galimoto yagona pachulu. Sikuti ndagonja, iyayi. Ndi njira yongoyembekezera.

Mphaka wakana matemba. Ndagoneka fayilo pansi pa pilo.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndilemba mwachidule.

Yatsika chulu, yalira kamodzi n'kamodzi. Ntaja, Liwonde, mlatho wa Shire, zonse bwinobwino. Kamtengo kagwa tisanafike pa Ntaja, galasi latsika, tayi yadzaza fumbi. Zazing'ono.

Balaka ndi wosalala ngati thebulo. Ndazungulira bwalo la kampani kawiri kufuna potsetsereka. Ndapapeza pamodzi pokha, pakhomo pa nyumba yosungiramo matumba, pamene malole amakwerera. Ndaimika pamwamba, mphuno kumunsi. Ndakoka handibuleki, ndasiya m'giya. Nzeru!

Oyesedwa tilipo anayi. Mmodzi ndi mtsikana wa ku Nkaya, wabwera ndi galimoto yokalamba kuposa yanga, chitseko chomanga ndi chingwe. Ndinamumvera chisoni.

M'chipinda muli mabwana atatu, wapakati ndi mayi wa magalasi. Mafunso ndikuyankha ngati madzi. Ndafika pa mfundo yachinayi, yakuti mlimi wa lero asiye kudalira njira zachikale, ndipo ndikuona kuti mayi aja sakundiyang'ananso. Akuyang'ana pawindo.

Pawindo pakudutsa galimoto yoyera. Pang'onopang'ono, mwaulemu, mopanda munthu. Kabotolo konunkhiritsa kakugwedera.

"Bambo, si yanu iyo?"

Kutsogolo kwake kuli galimoto ya kampani, yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando.

Sindinafike n'komwe pakhomo. Mtsikana wa ku Nkaya watsekula buti yake, watulutsa mwala, wathamanga nawo, wauponya kutsogolo kwa tayala. Galimoto yaima. Pakati pa iyo ndi ya kampani mungadutse nkhuku imodzi, yowonda.

Mwala wake ndi wofanana ndi wa amalume. Ngati mapasa.

Mayi wa magalasi: "Poti tatuluka kale, tailizeni timve."

Ndapotokola kiyi. Ngakhale kli palibe. Potsetsereka paja galimoto yapamaliza yokha. Mtsikana uja watsekula boneti osandifunsa, wagwedeza chomangira changa chonyezimira ndi chala chimodzi, chavuka. Watenga mphira m'chikwama chake cha m'manja, momwe muli masatifiketi, wakulunga katatu, wamanga.

"Lowani, achimwene, muike giya yachiwiri. Tikukankhani."

Andikankha: iyeyo, mlonda wa pageti, ndi bwana mmodzi wa jekete. Mayi wa magalasi sanakankhe. Amalemba m'kabuku, akuyang'ana mtsikana uja.

Yalira. Sindikanatha kuizimitsanso, ndiye mfundo yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ndazinenera pawindo, injini ikulira. Akuti atiimbira.

Lamulungu, 27 Okutobala

Foni yalira m'mawa tikuchokera ku tchalitchi. Si kampani. Ndi mtsikana wa ku Nkaya, anatenga nambala yanga pa pepala lolembetsera. Akampani amuimbira dzulo lomwelo, ayamba ntchito pa 1 Novembala. Akuti mphira ndisunge, ali nazo zambiri. Ndamufunira zabwino. Mawu anatuluka bwinobwino, ndadabwa.

Amalume ndawafotokozera zonse. Sanaseke. Angoti, "Giya yoyamba imatuluka yokha ikatopa. Handibuleki ndi yokongoletsa. Ndinayesa mwala uja ukuuza wokha."

Mwala ndaupeza. Amayi anali atatsekera kale khola la nkhuku, ndachita kuwapezera wina kuti andibwezere. Supuni akana, akuti yabwerera kwawo. Ndapereka yanga yodyera phala.

Guluu wayamba kuchita thukuta m'mbali. Ndagula sopo.

Galasi lakumbuyo ndatsekula. Mphaka walowa madzulo ano atadya matemba a mbale yathunthu, wagona pa nsalu yanga yatsopano, pabowo pomwe.

Zoti ndichite sabata ino:
– kujambulitsa satifiketi yodyedwa ngodya
– kuoda mayunitsi
– kufunsa Che Amidu mmene amatafunira sopo

Dzuwa likupendeka amalume anandiuza kuti ndiwaperekeze pachulu. Azungulira galimoto yonse akuipapasa ndi manja. Mwala, supuni, mphira. Kenaka apisa dzanja kunsi kwa mpando wa dalaivala, afufuzafufuza, nkhope yawo yamasuka.

"Kachingwe ka pansi apa sunakaone?"

Iyayi, sindinakaone.

"Mulungu ndi wamkulu."

Ndafunsa kuti kamagwira chiyani. Akuti nawonso anakapeza momwemo pogula galimotoyi, ndipo mwini wake woyamba anawauza mawu amodzi okha: usakachotse.

Ndakasuzumira. Ndi kachingwe ka buluu, kamalowa pansi pa kapeti, sikaoneka kumene kathera.

Sindikakhudza.