Chidule cha ku Area 47

Nkhani iyi ndikaikumbuka manyazi amandigwirabe, koma poti anthu anaiona ndi maso, bola ndiikambe ndekha.

Ine ndinakulira ku Chinsapo, komwe nyumba zinayamba kumangidwa, msewu n'kubwera pambuyo kudzapempha malo. Kwathu njira ndi pakhomo pa munthu. Umangoti "tidutse nawo," n'kuwerama pansi pa chingwe cha zovala, basi watulukira kumsika.

Tsiku lina Tadala, chibwenzi changa, anati ndikaonekere kwa amalume ake ku Area 47, komwe ankakhala. Amalumewo akakana, za ukwati zithera pomwepo.

Ndinatsika minibasi nditatchena suti. Misewu yotakata, yatala, koma anthu zii! Mipanda yokhayokha, womufunsa njira palibe. Msewu uliwonse ndikautsata unkakhota n'kukathera pageti la munthu. Nthawi inkapita, thukuta lili kamukamu.

Ndinaimba foni.

"Mtengo wautali wa mapeyala ukuuona?" anafunsa Tadala.

"Eya, uli kuseri kwa nyumba yobiriwira."

"Pomwe pali mtengopo ndiye kwathu. Bwerera kumsewu waukulu, uzungulire."

Kuzungulira, mtengo ndikuuona ndi maso angawa? Geti la nyumba yobiriwira linali lotsegula. Ndinalowa.

"Tidutse nawo!"

Mlonda anadzambatuka pampando. "Mudutse kupita kuti, bwana?"

"Shortcut, achimwene, kuseriku."

"Kulibe njira uko!"

Ndinangomuseka. Kuseri kwa nyumba kungasowe kanjira? Nditafika ndinapeza khoma lalitali kuposa ine. Potembenuka, galu wamkulu ngati thole akubwera, wosauwa n'komwe. Mlonda naye anayamba kuliza wezulo.

"Wakuba! Wakuba!"

Mmene ndinakwerera khomalo sindikudziwa. Ndinangomva buluku kuti kwee! kenako ine khu! m'bedi la mpiru mbali inayo.

Nditadzutsa mutu, pansi pa mtengo wa mapeyala panali mipando. Amalume, akazi awo, ndi Tadala atanyamula thireyi ya makapu, onse akundiyang'ana. Kuseri wezulo ikulirabe.

Amalume anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Tadala, mlendo wathu uja ndi ameneyu?"

"Eya, malume," anayankha maso ali pansi.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pomwe buluku linang'ambika.

"Achimwene, ife timayesa mukubwera kudzafunsira mbeta. Kani mwabwera kudzaba?"

Kumayadi, nyumba ukaiona pafupi dziwa kuti ulendo ukadalipo.